Chimangirizo cha mdzukulu wanga

Mdzukulu wanga anandipeza ndikusankha nyemba pakhonde, nkuika laputopu pambali pa lichero. "Agogo, akuti ndilembe za moyo wanga, mawu asapitirire 650." Ankafunsira malo kumakoleji a ku America kudzera pa fomu yotchedwa Common Application. Ine ndinaphunzitsa kusekondale zaka zambiri, chimangirizo ndimachidziwa: aphunzitsi apereka mutu, mwana alemba, ife tichonga. Koma mutu wa ichi unali mwanayo mwiniwake. Ndinafuna kudziwa kumene mwambowu unachokera, ndipo zimene ndinapeza zinandiwawa mtima.

Kale mayunivesite a Harvard, Yale ndi Princeton ankalandira pafupifupi aliyense wokhoza mayeso olowera. Bungwe la College Board linayamba mu 1900, ndipo mayeso ake oyamba, a mu 1901, anali a mayankho ataliatali m'maphunziro monga Chilatini, Chigiriki ndi masamu. Ana a Ayuda amene makolo awo anali atangofika kumene kuchokera kum'mawa kwa Ulaya ankawerenga usana ndi usiku, nkumakhoza. Pofika 1922, pa ophunzira asanu alionse olowa ku Harvard, mmodzi anali Myuda. Mkulu wa yunivesiteyo, A. Lawrence Lowell, sizinamusangalatse. Atafuna kuika malire poyera anthu anamukanira, ndiye anadzera kuseri. Fomu inayamba kufunsa chipembedzo, dzina la amayi asanakwatiwe, kumene abambo anabadwira, ngakhalenso ngati banja linasinthapo dzina. Panabwera chithunzi, makalata a umboni, ndi chimangirizo chonena za iwe mwini. Zonsezi ankati nzoyezera khalidwe, ndipo khalidwe ukanena kuti mwana wa uje alibe, angakutsutse ndani? Chiwerengero cha Ayuda chinatsika. Jerome Karabel anafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane m'buku lake la mu 2005, The Chosen.

Mayeso olowera kukoleji otchedwa SAT nawo chiyambi chake sichoyera. Amene anawakonza, Carl Brigham wa ku Princeton, anagwirapo ntchito yoyeza nzeru za asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mu 1923 analemba buku lonena kuti mitundu ina ya anthu njochepa nzeru chibadwire. Mu 1930 anavomera poyera kuti analakwitsa, ndipo pa chimenechi ndimamulemekeza. SAT yoyamba inalembedwa pa 23 June 1926, olemba anali pafupifupi 8,000. Patapita zaka zochepa, James Conant, amene analowa m'malo mwa Lowell, anagwiritsa ntchito mayesowa posaka anyamata anzeru ochokera m'mabanja osauka kuti awalipirire sukulu.

Mkangano wa mayesowa sunathe mpaka lero. Bowdoin College inasiya kukakamiza mayesowa mu 1969, ndipo Covid itatseka malo olembera mu 2020 makoleji ambiri anachita chimodzimodzi. Komabe yunivesite ya MIT inawabwezeretsa mu 2022, Dartmouth, Yale ndi Harvard nkutsatira mu 2024. MIT inati malikisi amaithandiza kuona mwana wakhama wochokera kusukulu yosowa zipangizo.

Apa ine ndili kumbali ya mayeso, ngakhale ndikudziwa kuti ana a anthu olemera amalipira aphunzitsi apadera owakonzekeretsa. Ndinachonga mapepala a ana ovala zigamba amene anaposa ana a mabwana, ndipo malikisi awo palibe amene akanawalanda. Chimangirizo chimalembedwera kunyumba, kumene wina ali ndi makolo ophunzira ndi mlangizi wolipidwa womukonzera chiganizo chilichonse, wina alibe ndi nyali yomwe.

Mdzukulu wanga analemba za m'mawa umene ankathandiza mayi ake kukazinga mandasi asanapite kusukulu, yunifolomu ikununkha utsi. Atamaliza anati, "Agogo, mundikonzere kuti chimveke bwino." Ndinawerenga kawiri, ndinakonza mawu awiri olembedwa molakwika, nkumubwezera. Za utsi zija sindinakhudze.