Mawu oti "Convulsion": Tanthauzo, Chiyambi ndi Zimene Banja la Chisilamu Liyenera Kudziwa

M'dzina la Allah, Wachifundo chambiri, Wachisoni chosatha.

Malungo akavuta m'nyengo ya dzinja, makolo kuno ku Limbuli amabwera ndi buku la kuchipatala la mwana kudzafunsa aphunzitsi zimene adokotala alemba. Mawu amodzi amene timawapezamo kawirikawiri ndi oti convulsion.

Tanthauzo lake

Convulsion ndi kugwedezeka kwa thupi kwadzidzidzi kumene munthu sangathe kukuletsa. Minofu imakungika ndi kumasuka mofulumira, manja ndi miyendo zimakoka, maso amatembenuzika, ndipo nthawi zina kukamwa kumatuluka thovu. M'Chichewa timati kuphupha, monga ichitira nkhuku ikangozingidwa.

Kumene adachokera

Mawuwa adalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500 kuchokera ku mawu a Chilatini oti convellere, kutanthauza kukoka kapena kuzula mwamphamvu. M'buku momwemo mungapezenso fit kapena seizure. Seizure adachokera ku seize, kugwira, ndipo epilepsy, dzina la khunyu, lidachokera ku mawu a Chigiriki a tanthauzo lomwelo. Aluya amati sar'u, kugwetsera pansi, monga ifenso timati munthu wagwa khunyu. Ana asukulu adziwe kuti m'mabuku mawuwa amagwiranso ntchito mophiphiritsa, ponena za munthu woseka mpaka kugubuduka, kapena dziko limene lagwedezeka ndi zipolowe.

Kuphupha si khunyu nthawi zonse

Kuphupha ndi chizindikiro chabe, ndipo zoyambitsa zake nzambiri. Ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 amatha kuphupha thupi likatentha kwambiri. Malungo a mu ubongo nawonso amaphuphitsa, ndipo amapha msanga. Muyeso umene madokotala m'mayiko ambiri amaonera kukula kwa chikomokere cha mwana wa malungowa, Blantyre Coma Score, udakonzedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ndipo udafalitsidwa mu 1989. Mayi woyembekezera akaphupha, kawirikawiri vuto limakhala kuthamanga kwa magazi, ndipo miyoyo iwiri imakhala pachiswe.

Khunyu ndi pamene munthu amagwa mobwerezabwereza popanda kutentha thupi kapena chifukwa china cha nthawi yomweyo. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo 7 mwa 10 aliwonse angathe kuleka kugwa atamamwa mankhwala oyenera. Khunyu silipatsirana, ngakhale kudzera m'malovu.

Zimene Chisilamu chikuphunzitsa

Bukhari ndi Muslim adalandira hadith ya Ibn Abbas yonena za mayi wina wakuda amene ankagwa khunyu. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adamupatsa mwayi wosankha pakati pa duwa yoti achire ndi kupirira kumene malipiro ake ndi Jannah. Mayiyo adasankha kupirira, koma adapempha duwa yoti thupi lake lisamavundukuke akagwa, ndipo Mtumiki adamupempherera. Wodwalayu sadathamangitsidwe, sadatchedwe wotembereredwa, adalonjezedwa Jannah.

Ibn al-Qayyim, yemwe adamwalira mu 1350, adalemba kuti pali kugwa kochokera kwa mizimu yoipa ndi kugwa kochokera m'thupi momwe. Choncho si bwino kuthamangira kunena kuti majini mwana asanayezedwe malungo. Duwa tichite tili panjira ya kuchipatala.

Amene wakomoka, wudhu wake waonongeka, ndipo achitenso asanaswali. Surah Baqarah, ndime 184 ndi 185, yapereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule swaumu. Wakhunyu asasiye mankhwala m'mwezi wa Ramadhan asanafunse dokotala.

Zoyenera kuchita wina akaphupha

Mutalikitseni ku moto ndi ku madzi. Mugonekeni chammbali, muike nsalu pansi pa mutu, ndipo mumufunditse kuti asachite manyazi akatsitsimuka. Musamupanikize, musamuike supuni mkamwa, musamumwetse kanthu. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena ngati ndi koyamba, kapena wophuphayo ndi mwana wotentha thupi kapena mayi woyembekezera, thamangirani kuchipatala chapafupi, kaya ku Muloza kaya ku Mulanje boma.

Abale athu a kunyanja, wakhunyu asapite yekha kukasamba, kukachapa kapena kukawedza pabwato, chifukwa ngakhale madzi olekeza m'mawondo angathe kumumiza.

Allah ndiye Wodziwa koposa.