Mbiri ya gripe water ndi mwana wolira madzulo

Kuno ku Kuku nyumba zambiri zimagawana khoma, choncho mwana wa milungu 6 akayamba kulira dzuwa litangolowa, yadi yonse imadziwa. Amapinda timiyendo, amafumbata manja, kamimba kali gwa, bere akuligwira n'kulisiyanso. Aneba amati mkaka wa mayi sukukwana. Ambuya amati ndi m'mimba. Ena amanong'ona za tsempho, akuyang'ana atate a mwana ndi diso la m'mbali. Mapeto ake wina amatumidwa kukagula gripe water. Ambiri a ife tinamwetsedwa kabotolo kameneka tisanadziwe dzina lathu, ndiye ndi bwino kudziwa kumene kanachokera.

M'zaka za m'ma 1840, kum'mawa kwa England kunali madambo otchedwa Fens, kumene anthu ankadwala malungo monga ife. Madokotala a ku Nottingham ankasakaniza mankhwala opatsa makanda odwala matendawa, ndipo anaona kuti ana olira ankakhala chete akamwa. Mu 1851 William Woodward, wogulitsa mankhwala mumzindawo, anatenga nzeruyo n'kupanga msanganizo wake: mafuta a njere za dill, soda, shuga, madzi ndi mowa. Mu 1876 analembetsa dzina lakuti Gripe Water ku boma kuti likhale lake, ndipo kabotolo kanatsatira Angelezi kulikonse kumene ankalamulira, India ndi Africa yomwe.

Inde, mowa. Unali 3.6 peresenti. Dokotala wina, Ivan Blumenthal, analemba mbiri ya mankhwalawa mu 2000, ndipo anawerengera kuti mlingo waukulu wololedwa kwa khanda la makilo 4 unali ngati matoti 5 a wisiki kwa munthu wamkulu wa makilo 80. Mwana wotere angalephere bwanji kugona? Ku Britain mowawu anauchotsamo mu 1992. Koma Woodward anali wofatsa poyerekeza ndi anzake. Ku America kunali Mrs. Winslow's Soothing Syrup, momwe munali morphine, ndipo mu 1911 bungwe la madokotala la American Medical Association linauika m'gulu la mankhwala opha makanda. Azimayi osauka ogwira ntchito m'mafakitale, amene sakanatha kukhala maso usiku wonse, ndiwo ankagula kwambiri mankhwala otere.

Pamene amalonda ankagulitsa mabotolo, madokotala ena anayamba kuwerenga maola. Mu 1954 Morris Wessel wa ku Yale anapereka muyeso umene anthu akuugwiritsabe ntchito ponena za colic: mwana wathanzi, woyamwa bwino, amene amalira maola opitirira 3 pa tsiku, masiku opitirira 3 pa mlungu, kwa milungu yopitirira 3. Chaka chomwecho Ronald Illingworth wa ku Sheffield analemba za vutoli ndi dzina lakuti colic ya miyezi itatu, ndipo dzinalo likunena kale pamene limathera. Mu 1962 T. Berry Brazelton anapempha azimayi a makanda 80 kuti azilemba kulira kwa ana awo tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti kulira kumakwera kuchokera pa mlungu wachiwiri, kumafika pachimake pa milungu 6, pafupifupi maola atatu pa tsiku, makamaka madzulo, kenako kumatsika mpaka pafupifupi ola limodzi pofika milungu 12. Awa anali ana wamba, osadwala.

Mwina mukuti, amenewo ndi ana a azungu ogonekedwa okha m'kabedi, ife timabereka kumbuyo. Funso limeneli linayankhidwa pafupi ndi kwathu. Mu 1991 Ronald Barr ndi anzake anasindikiza zimene zinaoneka pakati pa a !Kung, anthu a mtundu wa San ku Botswana, kumene khanda limakhala pathupi la mayi pafupifupi tsiku lonse ndipo limayamwa kangapo pa ola limodzi. Kumenekonso kulira kunkakwera m'miyezi yoyambirira n'kutsika pambuyo pake. Chosiyana chinali chakuti mwana akalira sankachedwa kutonthola. Choncho chitenge cha ambuya chimagwiradi ntchito, koma sichichotsa nyengoyo. Mwana aliyense amadutsamo, ena mwaphokoso kuposa anzawo.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti kabotolo kanadya ulemu wa kalendala. Makolo amathamangira mankhwala pamene kulira kwafika poipa, cha pa milungu 6, nthawi yomwe kwatsala pang'ono kuti kuyambe kutsika kokha. Pofika miyezi itatu kapena inayi mwana ali phee, akuseka, ndipo chimene chinaperekedwa pomaliza ndicho chimatamandidwa, kaya ndi gripe water, kaya ndi mizu yoviika, kaya ndi mkanda wa m'chiuno. Mpaka lero palibe kafukufuku wodalirika amene wasonyeza kuti gripe water amachiza colic, ndipo chenicheni choyambitsa colic madokotala akukanganabe.

Mkanda wa m'chiuno sulowa m'mimba. Nkhawa yanga ili pa zimene timathira m'kamwa mwa mwana. Kuchokera mu 2001 bungwe la World Health Organization limalangiza bere lokha kwa miyezi 6, osapatsa ngakhale madzi, ndipo ba nasi ku sikelo amanena zomwezo. Mu Lusaka muno langizoli lili ndi chifukwa chooneka ndi maso. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inagunda kwambiri Kanyama ndi Chipata compound, ndipo mu Januwale 2024 National Heroes Stadium inasanduka chipatala cha odwala kolera. Ku Kuku, mvula ikagwa, madzi a m'zimbudzi ndi a m'zitsime zosaya amakumana. Supuni ya madzi a shuga kapena ya mizu yoviikidwa m'madzi amenewo ingapatse mwana wopanda matenda kutsegula m'mimba kwenikweni. Phala la pa mwezi umodzi, loperekedwa poganiza kuti mwana sakukhuta, limachepetsanso kuyamwa.

Colic ndi dzina la mwana amene akulira koma akukula, ndipo khadi la under-five limasonyeza sikelo ikukwera. Ngati thupi latentha, ngati akukana bere, akusanza zobiriwira, m'chimbudzi muli magazi, mimba yatupa, liwombo lalowa m'kati kapena wafooka, musadikire miyezi itatu ya Illingworth. Pitani ku kiliniki kapena ku Chawama Level One usiku womwewo.

Ndipo inu atate achinyamata, pali chinthu chimodzi chimene madokotala Norman Guthkelch ndi John Caffey anachenjeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970: kugwedeza khanda mwamphamvu kumatulutsa magazi mu ubongo. Mutu ukatentha, mugonekeni chagada pamalo abwino, tulukani panja kwa mphindi zingapo, kapena gogodani kwa aneba. Ali maso kale.