Maboneng: kukonzanso dera lakale la Johannesburg ndi funso la malo ogona anthu osauka

Maboneng ndi dera limene lili chakum'mawa kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg, m'dziko la South Africa, pomwe pakumanira madera akale a City and Suburban, Jeppestown ndi New Doornfontein. Dzinali ndi la m'chinenero cha Sesotho ndipo limatanthauza malo owala. Silinaperekedwe ndi boma kapena ndi anthu okhala kumeneko, koma ndi kampani yogula ndi kukonza nyumba ya Propertuity, imene kuyambira m'chaka cha 2009 inasandutsa mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu zosiyidwa kukhala malo ogona, odyera, ochitira zaluso ndi ogulitsira malonda.

Kuchokera nthawi imeneyo, dzina la Maboneng limatchulidwa kawirikawiri pa mtsutso umene uli m'mizinda yambiri ya mu Africa: pamene dera lakale likonzedwa ndi kukwera mtengo, kodi amene anali kukhalamo kale apite kuti?

Chiyambi cha derali

Mzinda wa Johannesburg unayamba m'chaka cha 1886, golide atapezeka m'zitunda za Witwatersrand. Jeppestown ndi limodzi mwa madera ake oyamba, ndipo dzina lake linachokera ku banja la Jeppe lochokera ku Germany, limene linali ndi gawo pa malo amenewa. Chifukwa cha njanji ndi migodi imene inali pafupi, mbali ya kum'mawa kwa mzindawu inadzaza ndi mafakitale ang'onoang'ono, magalaja ndi nyumba zosungiramo katundu.

Pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho, lamulo la Group Areas Act la 1950 linagawa malo okhala potengera khungu. Pakati pa mzinda panali pa azungu. Anthu akuda ankaloledwa kugwirapo ntchito masana, koma madzulo ankabwerera ku Soweto ndi madera ena akutali, kapena kukagona m'mahositela a amuna okhaokha monga ya Wolhuter ndi ya George Goch, amene ali m'dera lomweli la kum'mawa. Mahositela amenewa anamangidwa kuti asunge antchito popanda mabanja awo, ndipo ambiri mwa okhalamo ankachokera kumidzi ya ku KwaZulu-Natal.

Kuthawa kwa makampani

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980. Malamulo oletsa anthu akuda kulowa m'mizinda anathetsedwa mu 1986, ndipo Group Areas Act inafafanizidwa mu 1991. Anthu zikwizikwi anasamukira pakati pa mzinda kuti akhale pafupi ndi ntchito, ndipo ulamuliro wa demokalase utayamba mu 1994 kunafikanso ambiri ochokera ku Mozambique, Zimbabwe, Malawi, Congo, Nigeria ndi mayiko ena.

Pa nthawi yomweyo makampani akuluakulu anali kusamukira kumadera a kumpoto monga Sandton ndi Rosebank. Msika wogulitsira masheya wa Johannesburg Stock Exchange nawo unasamukira ku Sandton m'chaka cha 2000. Mabanki analeka kubwereketsa ndalama zogulira nyumba pakati pa mzinda, mitengo ya nyumba inagwa, ndipo eni ake ena anangozisiya osalipira msonkho, madzi kapena magetsi. M'nyumba zosiyidwazo munalowa anthu osowa pokhala. M'zina okhalamo ankadziyendetsera okha zinthu, pomwe zina zinalandidwa ndi magulu a zigawenga amene ankatolera lendi popanda kukonza kanthu. Maofesi ndi mafakitale amene sanamangidwe kuti muzigona anthu anagawidwa m'tizipinda ta matabwa ndi makatoni, nthawi zambiri popanda madzi, zimbudzi kapena njira yothawira moto.

Njira imene khonsolo inasankha

Pofuna kubwezeretsa mzinda mwakale, khonsolo ya Johannesburg inasankha kukopa eni ndalama m'malo momanga yokha nyumba zambiri zotsika mtengo. Mu 2001 inakhazikitsa bungwe la Johannesburg Development Agency, limene linakonza misewu, mabwalo ndi malo ena a anthu onse. Mlatho wa Nelson Mandela, wolumikiza Braamfontein ndi Newtown, unatsegulidwa mu 2003. Mu 2004 boma linaika pakati pa mzindawu m'gulu la madera otchedwa Urban Development Zone, kumene munthu wokonza nyumba yakale ankaloledwa kuchotsera ndalama zimene wawononga pa msonkho wake m'kati mwa zaka zisanu. Mabasi a Rea Vaya, oyenda m'misewu yawoyawo, anayamba ntchito mu 2009, mzindawu ukukonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010.

Nyumba zinali zotsika mtengo, msonkho unali wochepetsedwa, ndipo misewu inali kukonzedwa ndi ndalama za boma. Munthu wokhala ndi mpamba akanatha kugula mdadada wonse pa mtengo wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa ku Sandton.

Kubadwa kwa Maboneng

Amene anaona mwayi umenewu ndi Jonathan Liebmann, mnyamata wa zamalonda amene anayambitsa Propertuity. Ntchito yake yoyamba inali Arts on Main, gulu la nyumba zakale zosungiramo katundu za mumsewu wa Fox, zimene zinatsegulidwa mu 2009 monga malo a amisiri a zojambula ndi zosema. Katswiri wa zojambula wodziwika pa dziko lonse, William Kentridge, anali mmodzi mwa oyamba kutengako malo ogwirira ntchito, ndipo dzina lake linakopa ena.

Kenaka panadza Main Street Life, nyumba yosanja ya zipinda zogona, hotela ndi malo oonetsera kanema otchedwa The Bioscope. Mu 2011 unayamba msika wa Lamulungu lililonse wa Market on Main, umene unkabweretsa anthu a kumadera olemera a kumpoto amene kwa zaka zambiri ankaopa kuponda pakati pa mzinda. Kampaniyi inapitiriza kugula nyumba makumimakumi m'midadada yoyandikana, ndipo ina mwa izo, Hallmark House, inakonzedwa motsatira mapulani a katswiri wa zomangamanga David Adjaye.

Chinsinsi cha ntchitoyi sichinali m'nyumba mokha ayi, koma mumsewu. Eni nyumba ankasonkha ndalama zapadera zolipirira alonda, osesa ndi magetsi a mumsewu, ntchito zimene kwina zimayembekezeka kuchokera ku khonsolo. Motero malire a Maboneng ankaoneka ndi maso ngakhale panalibe mpanda: pomwe pathera alonda ndi magetsi, pomwepo ndiye pathera derali.

Ubwino wake unalipo ndithu. Nyumba zimene zikanagwa zinapulumuka, achinyamata ambiri anapeza ntchito m'malo odyera ndi m'mashopu, alendo okaona malo anabwerera, ndipo m'misewu imeneyi anthu akuda, azungu ndi ochokera kunja ankakumana momasuka, chinthu chosowa mumzinda umene unamangidwa pa tsankho. Ambiri mwa ochita lendi anali achinyamata akuda ophunzira, a ntchito za m'maofesi ndi zaluso.

Anansi a malo owala

Vuto linali mtengo. Kusintha kotere, kumene anthu opezako bwino amalowa m'dera la osauka n'kukweza mitengo mpaka eni dera kusamuka, akatswiri amakutcha gentrification, liwu limene anayamba kuligwiritsa ntchito ndi Ruth Glass mu 1964 pofotokoza za mzinda wa London. Oikira kumbuyo Maboneng ankati liwuli silikuyenera derali, popeza nyumba zambiri zimene zinagulidwa zinali mafakitale opanda anthu. Otsutsa ankayankha kuti kusamutsa anthu sikuchitika m'nyumba yogulidwayo mokha. Mdadada umodzi ukakwera mtengo, mwini nyumba yoyandikana nayo amene anaithawa zaka makumi awiri zapitazo amaikumbukira, n'kupita kukhoti kukapempha chilolezo chotulutsa okhalamo kuti aigulitse.

Kafukufuku wa bungwe loona za ufulu wa anthu la Socio-Economic Rights Institute of South Africa, amene anatuluka mu 2013, anapeza kuti pafupifupi theka la mabanja a pakati pa Johannesburg linkapeza ndalama zosakwana R3,200 pamwezi. Banja lotere likapatula gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake kulipira lendi, silingapitirire R1,067 pamwezi, ndipo zipinda zovomerezeka za makampani zinali zokwera kuposa pamenepa. Ogulitsa malonda mumsewu, otola zinthu zotayidwa kukagulitsa, alonda ndi ogwira ntchito za m'nyumba, amene mzinda sungayende popanda iwo, anatsala ndi nyumba zoopsa zija basi.

M'mwezi wa Malichi 2015 anthu a ku Jeppestown anachita zionetsero zokana kutulutsidwa m'nyumba, anatseka misewu ndi kuloza chala Maboneng, ngakhale kuti Propertuity inakana kuti ikukhudzidwa ndi nkhaniyo. Mkwiyo wa osowa pokhala ndi osowa ntchito sunathere pa eni chuma okha. Mu Epulo chaka chomwecho, komanso mu Seputembala 2019, Jeppestown anali amodzi mwa malo amene kunabuka ziwawa zolimbana ndi anthu ochokera kumayiko ena, ndipo mashopu awo anabedwa ndi kutenthedwa.

Zimene makhoti anagamula

Gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996 limapereka kwa aliyense ufulu wopeza nyumba yoyenera, ndipo limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chilolezo cha khoti. Milandu itatu yochokera pakati pa Johannesburg, imene inafika ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ndiyo inamasulira tanthauzo la ufulu umenewu.

Pa mlandu wa Olivia Road mu 2008, khoti linati khonsolo siyingatulutse anthu m'nyumba ponena kuti ndi yoopsa isanakambirane nawo moona mtima za kumene apite. Pa mlandu wa Blue Moonlight mu 2011, linagamula kuti khonsolo iyenera kupezera malo ongoyembekezera anthu amene angasowe pokhala, ngakhale amene akuwatulutsa ali mwini nyumba osati boma. Pa mlandu wa Dladla mu 2017, linathetsa malamulo a pamalo ena ongoyembekezera amene ankatsekera anthu kunja masana ndi kulekanitsa amuna ndi akazi awo.

Zigamulo zimenezi zinateteza anthu ambiri, koma khoti silimanga nyumba. Popeza malo ongoyembekezera anali ochepa, milandu yambiri inkaima zaka: mwini nyumba sangathe kuikonza, okhalamo alibe kolowera, ndipo nyumbayo ikunka niwonongeka.

Kugwa kwa Propertuity ndi kudza kwa Jewel City

Propertuity inakula mofulumira ndi ndalama zangongole, ndipo chuma cha dziko chitafooka inalephera kupirira. Liebmann anachoka m'kampaniyi, imene inathetsedwa mu 2018, ndipo nyumba zake zambiri zinagulitsidwa pa okushoni mu 2019. Derali linakhala m'manja mwa eni ambiri osiyanasiyana. Mliri wa Covid-19 mu 2020 unachepetsa alendo, ndipo malo ena otchuka, kuphatikizapo The Bioscope, anasamukira kwina. Apa panaoneka kufooka kwa dera limene chitetezo ndi ukhondo wake zinadalira thumba la kampani imodzi.

Mu 2020 momwemo kampani ya Divercity inatsegula Jewel City, midadada isanu ndi umodzi yoyandikana ndi Maboneng imene kale inali yotchingidwa ndi mipanda chifukwa munkachitika malonda a dayamondi. Munamangidwa nyumba zalendi zoposa 1,000, sukulu, chipatala chaching'ono ndi mabwalo amasewera, ndipo gawo la msewu wa Fox linapatulidwa kukhala la oyenda pansi. Ntchito imeneyi inalunjika mabanja a malipiro apakatikati, osati alendo a Lamulungu okha. Chaka cha 2019 khonsolo inali itavomerezanso ndondomeko yakuti pa ntchito iliyonse yomanga nyumba 20 kapena kuposa apo, nyumba 30 mwa 100 zilizonse zikhale zoti anthu opeza zochepa angazikwanitse. Komabe osauka kwambiri, amene alibe kalata ya malipiro yosonyeza kwa mwini nyumba, anatsalabe kunja.

Moto wa ku Usindiso

Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso mumsewu wa Albert ku Marshalltown, mtunda wosakwana makilomita awiri kuchokera ku Maboneng. Anthu 76 anafa, ena mwa iwo ana, ndipo pakati pawo panali nzika za Malawi ndi Tanzania. Nyumbayo inali ya khonsolo. Pa nthawi ya tsankho inali ofesi yopereka ziphaso zololeza anthu akuda kukhala mumzinda, kenaka inakhala malo osungira amayi ozunzidwa, isanasiyidwe n'kudzaza ndi tizipinda ta matabwa. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe inanena mu 2024 kuti khonsolo inali ndi mlandu chifukwa inadziwa za kuopsa kwa nyumbayo koma sinachitepo kanthu.

Tanthauzo lake kwa mizinda ina

Kalembera wa anthu anasonyeza kuti mzinda wa Johannesburg unali ndi anthu pafupifupi 3.2 miliyoni mu 2001, ndipo mu 2022 anali atafika pafupifupi 4.8 miliyoni. Lusaka, Lilongwe, Maputo ndi Harare nayonso ndi mizinda imene anthu akuchulukira pomwe malo a pafupi ndi ntchito akukwera mtengo. Mbiri ya Maboneng ikusonyeza kuti eni ndalama angathe kuukitsa msewu wakufa m'zaka zochepa, koma amamangira okhawo amene angalipire. Nyumba za amene amapeza zochepa kwambiri zimafuna malo ndi ndalama za boma, ndiponso kuti zikonzedwe mitengo ya m'deralo isanakwere. Pamene zimenezi zasowa, osauka sachoka mumzinda. Amangosunthira midadada ingapo, kulowa m'nyumba ngati ya Usindiso.