Belu, bolodi ndi foni

Mutasuzumira m'chikwama cha wophunzira wa pa Mzuni ku Luwinga lero, mupeza ndandanda ya maphunziro ili pawiri: ina mu foni, ina yolemba pamanja kumapeto kwa kope. Musamuseke, anzanga, zili ndi kochokera.

Ku Mpoto nthawi ya sukulu idayamba ndi belu. Robert Laws atakhazikitsa Livingstonia ku Khondowe mu 1894, mwana sankadzisungira nthawi. Belu ndilo linkamudzutsa, kumulowetsa m'kalasi ndi kumutumiza ku ntchito zamanja. Mzuni italandira ophunzira oyamba mu 1999, ntchito ya belu idagwera bolodi ya zidziwitso. Ankamata pepala limodzi, aliyense n'kukopera. Ukapanda kudutsa pa bolodi, mayeso amakudutsa.

Google Calendar idatuluka mu 2006, koma kunotu amene adalanda bolodi ndi WhatsApp, kudzera mwa class rep. Pepala lidaonetsa kufooka kwake kawiri. Mu Disembala 2015 moto udapsereza laibulale ya Mzuni, mabuku zikwizikwi n'kusanduka phulusa. Ndiye pa 23 Malichi 2020 sukulu zidatsekedwa kamba ka Covid-19, masiku onse olembedwa ndi bolopeni n'kutha ntchito, atsopano n'kumabwera pa foni.

Komabe ine ndimati kope silidagonje. Magetsi akathima, bandulo n'kutha, foni imangokhala chigoba. Wa ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa amatsegula tsamba lakumapeto lija, n'kudziwa kuti mawa kalasi ndi ya 8 koloko.