Kachipangizo ka ku Pretoria komvetsera magazi a mwana ali m'mimba

Mayi wapita kusikelo mwezi ndi mwezi osaphonya. Azamba amuyeza kuthamanga kwa magazi, apima mimba ndi tepi, amvetsera mtima wa mwana, alemba m'buku kuti zonse zili bwino. Kenaka tsiku lina mwana asiya kusewera, ndipo pofika kuchipatala auzidwa kuti wamwalira kale m'mimba. Kwathu kuno maliro otere salira mokweza. Amayi achikulire okhaokha ndiwo amakaika, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mabungwe a United Nations amati ana obadwa atamwalira kale amafika pafupifupi 2 miliyoni chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo gawo lalikulu la anawa ndi la kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Madokotala a ku Yunivesite ya Pretoria anafunsa funso lomwe mzamba aliyense amadzifunsa: kodi mwana wotere sakanadziwika msanga kuti akuvutika? Yankho analipeza m'kachipangizo kotchedwa Umbiflow, ndipo mbiri yake inayambira kutali kwambiri ndi chipinda chochiliramo.

M'chaka cha 1842, Christian Doppler, mphunzitsi wa masamu wa ku Austria amene ankagwira ntchito ku Prague, anafotokoza kuti mafunde a kuwala kapena a phokoso amasintha ngati chinthu chowatulutsa chikuyenda. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu ambulansi ikudutsa anazimva zimenezi: kulira kwake kumakhala kosongoka ikamabwera, n'kutsika ikangodutsa. Doppler ankaganiza za nyenyezi, osati za amayi apakati. Panadutsa zaka zoposa 100 kuti Shigeo Satomura wa ku Osaka, ku Japan, agwiritse ntchito nzeruyi m'ma 1950 poyeza kugunda kwa mtima ndi kuyenda kwa magazi m'mitsempha.

Nthawi yomweyo ku Glasgow, dokotala wa amayi Ian Donald anatenga zotupa zochotsedwa kwa odwala n'kupita nazo kufakitale ya Babcock & Wilcox mu 1955, kukaziyesa ndi makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo. Makinawo anasiyanitsa chotupa cha madzi ndi cholimba. Mu 1958 iye ndi injiniya Tom Brown pamodzi ndi John MacVicar anafalitsa zomwe anapeza m'magazini ya The Lancet, ndipo apa ndi pamene panabadwira sikani yomwe amayi a m'tauni amaithamangira lero, ambiri pofuna kudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Mu 1977 FitzGerald ndi Drumm a ku Dublin anasonyeza kuti njira ya Doppler itha kumva magazi akuyenda mu mchombo wa mwana amene sanabadwe.

Apa ndiye pagona nkhani. Mwana m'mimba amadya ndi kupuma kudzera mu nsengwa. Mtima wake umakankha magazi kudutsa m'mitsempha iwiri ya mu mchombo kupita ku nsengwa, n'kubwerera atatenga mpweya ndi chakudya. Nsengwa ikakhala yabwino, magazi amayendabe ngakhale pa kamphindi komwe mtima ukupumula pakati pa kugunda kuwiri. Ikayamba kulephera, timitsempha take timathina, magazi amavutika kudutsa, ndipo zikafika poipa amaima ndithu pa kamphindi kameneko. Mwanayo amasiya kukula, amafooka pang'onopang'ono, koma mayi ali bwinobwino, sakumva kupweteka paliponse. Tepi ya mzamba imaphonya ana ambiri otere.

Vuto linali lakuti makina oyezera zimenezi anali okwera mtengo, opezeka m'zipatala zazikulu zokha, ofuna katswiri. Choncho ankayezera amayi okhawo odziwika kale kuti ali pachiopsezo, monga a BP yokwera. Mayi wooneka wathanzi wa kuchipatala chaching'ono sankawayandikira n'komwe.

Ku South Africa ntchito inayambira pachipatala cha Tygerberg ku Cape Town, komwe Robert Pattinson ndi Gerhard Theron anakonza kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 tchati chosonyeza mmene magazi a mu mchombo amayenera kuyendera pa msinkhu uliwonse wa mimba. Kenaka mainjiniya a CSIR, bungwe lofufuza za sayansi ndi mafakitale lomwe linakhazikitsidwa mu 1945 ndipo likulu lake lili ku Pretoria, anagwirizana ndi South African Medical Research Council kupanga makina otsika mtengo. Anachotsa zonse zosafunika. Umbiflow sijambula chithunzi cha mwana. Ndi kachipangizo kogwira m'manja, kolumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha USB. Namwino amakaika pamimba, n'kusaka mchombo pomvetsera phokoso lake, ndipo kompyuta imawerengera yokha n'kuonetsa ngati mwana ali pabwino kapena ayi. Kuphunzira kwake n'kwa masiku owerengeka.

Mayeso aakulu anachitikira ku Mamelodi, dera la anthu akuda lomwe boma la tsankho linakhazikitsa mu 1953 kum'mawa kwa Pretoria. Gulu la Pattinson, yemwe panthawiyi ankatsogolera kafukufuku wa amayi ndi makanda pa Yunivesite ya Pretoria, linayeza amayi 2,868 omwe azamba anali atawaika m'gulu la opanda chiopsezo, mimba zili pakati pa masabata 28 ndi 32. Zotsatira zomwe Spencer Nkosi ndi anzake anafalitsa mu 2019 zinadzidzimutsa ambiri. Mwa amayi 1.5 pa 100 alionse, magazi a mwana anali atafika kale poima pakati pa kugunda kwa mtima. Amayi opezeka ndi vuto ankatumizidwa ku chipatala cha Mamelodi kukayang'aniridwa, ena n'kuchiritsidwa masiku asanakwane. Ana omwalira asanabadwe kapena atangobadwa anali 11.4 pa 1,000 alionse mwa oyezedwa, pomwe mwa osayezedwa anali oposa 20.

Tsakane Hlongwane anaitambasula ntchitoyi kufika m'madera 9 a dzikolo, nayeza amayi 7,088. Chiwerengero cha ana obadwa atamwalira chinatsika ndi 43 pa 100 alionse poyerekeza ndi cha amayi osayezedwa. Bungwe la WHO, lomwe mu 2016 linanena kuti palibe umboni wokwanira woyezera mayi aliyense ndi Doppler, linathandiza kafukufuku wina ku Ghana, India, Kenya, Rwanda ndi South Africa. Umboni wakale uja unachokera makamaka m'mayiko olemera, komwe mayi amajambulidwa kangapo ndipo mwana wosakula amadziwika ndi njira zina. Kwa ine, chachikulu chomwe Mamelodi inasonyeza n'chakuti mawu oti "wopanda chiopsezo" ankangonena za mayi, mwanayo asanamuyeze aliyense.

Tisanamizane kuti kachipangizoka kamachiritsa. Kamangoloza mwana wovutika. Pambuyo pake pamafunika ambulansi, dokotala wodziwa tsiku loyenera kuchiritsa mayi, chipinda cha opaleshoni chokhala ndi magetsi, ndi nazale yolandira khanda losakwana masiku. Popanda zimenezi, kuyeza kumangowonjezera nkhawa.

Malawi si mlendo pa ntchito zotere. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anayesedwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mothandizana ndi Rice University, ndipo lero MUBAS ndi MUST akuphunzitsa mainjiniya a zipangizo za chipatala. A Unduna wa Zaumoyo ndi a KUHeS, sankhani boma limodzi lokhala ndi nazale yogwira ntchito, muphunzitse azamba ake, muyeze amayi onse a miyezi isanu ndi iwiri, tione ngati zomwe zinapezeka ku Mamelodi zilinso pakati pathu.