Caroline Lucas

Caroline Lucas, wobadwa pa 9 Disembala 1960 ku Malvern, ndi mayi wandale wa ku Britain amene anakhala phungu woyamba wa chipani cha Green m'Nyumba ya Malamulo ya dzikolo. Analowa chipanichi mu 1986, anagwirapo ntchito ku bungwe la Oxfam, ndipo kuyambira 1999 anaimira chigawo cha South East England ku nyumba ya malamulo ya mayiko a ku Ulaya. Mu 2010 anapambana mpando wa dera la Brighton Pavilion ndi mavoti 1,252 okha kuposa wotsatira wake, nkuugwira mpaka 2024.

Chomwe akumbukiridwira kwenikweni nkuti anatsegulira khomo chipani chaching'ono m'dziko limene wopeza mavoti ambiri m'dera amatenga zonse. Mu 2015 a Green anapeza mavoti opitirira miliyoni imodzi, koma mpando unali wake wokha. Otsutsa amati phungu mmodzi sasintha lamulo, ndipo apa akunena zoona, chifukwa malamulo amene ankawapereka yekha sankapita patali. Komabe ntchito yake inali kusalola kuti aphungu aiwale za kusintha kwa nyengo. Mu Ogasiti 2013 apolisi anam'manga ku Balcombe pochita nawo zionetsero zokana kubowola miyala pofuna mafuta ndi gasi, ndipo khoti linam'masula chaka chotsatira. Anthu a ku Brighton sanamutaye: mu 2019 anaposa wotsatira wake ndi mavoti pafupifupi 20,000. Lucas atasiya ndale za m'Nyumba ya Malamulo, Siân Berry wa chipani chomwecho anasunga mpandowo mu 2024, ndipo chipanichi chinapeza aphungu anayi.