Mbiri ya Dzina la John

M'makomboni a ku Nkana, ku Mufulira, ku Nchanga ndi ku Luanshya, munthu akaima pa khomo la mgodi naitana kuti "John!" amuna ambiri amaceuka. Ena mwa iwo analandira dzinali pa ubatizo, ena analitengera kwa atate ao, ndipo ena anangopatsidwa ndi bwana pa nchito. Koma ndi owerengeka amene adziwa kumene dzinali linacokera, ndi cifukwa cace linacuruka m'maiko ena ndi kucepa m'maiko ena.

Dzinali ndi la Cihebri. Ayuda ankati Yohanan, ndiko kunena kuti Mulungu wacita cisomo. Amuna awiri a m'Cipangano Catsopano ndiwo analikweza: Yohane Mbatizi ndi Yohane mtumwi. Buku la Luka lifotokoza kuti pa tsiku lochula dzina la Mbatiziyo, abale anafuna kuti mwana atenge dzina la atate wace Zakariya, monga mwa mwambo, koma amace ndi atate wace anakana. Motero kuyambira paciyambi dzinali linalowa m'banja limene munalibe mwini wace.

Pofalikira Cikristu, mtundu uli wonse unalichula monga mwa lilime lace. Afalansa anati Jean, Apwitikizi João, anthu a ku Spain Juan, a ku Russia Ivan, a ku Ireland Seán, a ku Scotland Ian, ndipo Mabunu Johannes kapena Jan. Asilamu amchula Mbatiziyo Yahya. Cotero Jean wa ku Katanga, João wa ku Tete ndi Yohane wa ku Chipata, akakomana m'cikwepe cotsikira pansi, ali ndi dzina limodzi ngakhale sadziwa.

Ku England dzinali linafika mocedwa. William wa ku Normandy atagonjetsa dzikolo mu 1066, maina akale a Angelezi anayamba kutha, ndipo makolo anatsata maina a ogonjetsawo, monga William, Robert ndi Richard. Pambuyo pace maina a oyera mtima anayamba kukondedwa, ndipo John anapambana onse. Mfumu John, imene inalamulira kuyambira 1199 kufikira 1216, inadedwa kwambiri, kotero kuti nduna zace zinaikakamiza kubvomereza cipangano ca Magna Carta mu 1215. Kuyambira pamenepo England sanakhalenso ndi mfumu ya dzinalo. Koma anthu wamba sanalitaye ai. M'mabuku a msonkho wa 1379, m'zigawo zina pafupifupi mwamuna mmodzi mwa atatu anali John. Cacikuru cimene cinalisunga ndi mwambo wa ubatizo: mwana ankatenga dzina la munthu amene anamuimirira, ndipo dzina likacuruka kamodzi, linkangobala lokha.

Ku America, mabuku a boma aonetsa kuti John anali patsogolo pa maina onse a anyamata kuyambira 1880 kufikira 1923, ndipo mu 1924 Robert anamlanda malo. Ku England ndi Wales anatsogolabe mu 1914, 1924, 1934 ndi 1944, koma mu 1954 David ndiye anali woyamba. Makolo anasiya kuchula ana maina a agogo, nayamba kufuna maina acilendo. Pofika 2020 John sanalinso pakati pa maina 100 oyamba ku England ndi Wales, ngakhale ku America anakhalabe pakati pa 50 oyamba. Komabe dzinali silinafe: Jack, limene kale linali dzina losinjirira la John, linatsogola ku England ndi Wales kuyambira 1996 kufikira 2008. Mu 2023 dzina loyamba kumeneko linali Muhammad, limene linacuruka makamaka ku London ndi m'mizinda ya kumpoto ndi pakati pa England, koma ku Wales linali kumbuyo ndithu.

Kuno dzinali linadza ndi amishoni: a ku Livingstonia mu 1875, a ku Blantyre mu 1876, ndi a Dutch Reformed Church amene anamanga Magwero mu 1899. Wobatizidwa ankasankha dzina la m'Baibulo, ndipo Yohane kapena John linali lapafupi kuchula. Mwini dzina womveka koposa ndiye John Chilembwe, mbusa wa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, amene anaukira boma la Atsamunda mu January 1915, naphedwa mwezi wotsatira. Ku Malawi amamkumbukira pa 15 January caka ndi caka.

Koma dzinali linali ndi mbali yace yowawa. M'masiku a Atsamunda, makamaka ku South Africa, Azungu ambiri sankabvutika kuphunzira dzina la wanchito wao; mwamuna wakuda ali yense ankangomuti John kapena Jim, angakhale wa imvi. Munthu amene kwao ankalemekezedwa ndi ciwongo cace, a Phiri, a Tembo kapena a Jere, ankasanduka John wopanda mtundu. Dzina limene wina analilandira ndi madzi a ubatizo, mnzace analisenza ngati cipongwe.

M'zaka za pambuyo pa ufulu wa 1964, makolo ambiri a ku Zambia ndi ku Malawi anabwerera ku maina a cinenero cao: Mabvuto, Masautso, Madalitso, Mphatso, Cikondi. Maina otere amanena za nyengo imene mwana anabadwira, ndi za mtima wa makolo ace. Limodzi mwa iwo ndi Cisomo, ndipo tanthauzo lace ndi lomwe lija la Yohanan. Bambo wochedwa John amene wachula mwana wace Cisomo wampatsa dzina lace lomwe, m'mau amene agogo a kumudzi angathe kumva.